Magazi a mu mchombo: kukasungitsa kubanki kapena kumusiyira mwana?

Mwana akangotuluka, chingwe cha mchombo chimakhala chonenepa, chopotana ngati chingwe cha khonje, mtundu wake wobiriwira modera. Mukachigwira ndi zala ziwiri mumamva chikugunda limodzi ndi mtima wa khandalo. Dikirani mphindi zitatu kapena zinayi. Chimayamba kufwota, chimayera, kugunda kuja n'kuzilala. Magazi amene anali m'menemo komanso mu nsengwa ali ndi kopita kutatu kokha: kulowa m'thupi la mwana, kulowa m'thumba la pulasitiki, kapena kutayidwa pamodzi ndi nsengwa.

Makampani osunga magaziwa amafuna kwachiwiriko. Uthenga wawo umafika kuno pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo umakopa kwambiri mabanja a mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize amene ali ndi kangachepe, kapena amene amakachirira ku Johannesburg. Amati mwayiwu umabwera kamodzi kokha pa moyo wa mwana. Zakuti ndi wa kamodzi n'zoona. Koma zakuti banja lililonse liugwire, pamenepo ine ndimakana, ndipo zifukwa zake zili m'manambala, mu mtunda wa pakati pa Tete ndi labotale, ndi mu zimene magaziwo amamuchitira mwana akasiyidwa kuti alowe mwa mwini wake.

Mbewu ya magazi

Chingwechi chimatalika masentimita 50 mpaka 60, ndipo mkati mwake muli mitsempha itatu: umodzi waukulu wotengera magazi kwa mwana kuchokera ku nsengwa, iwiri yaing'ono yobweza. Magazi ake ndi a mwana, si a mayi ayi. Chimene chimawasiyanitsa ndi magazi a munthu wamkulu ndi kuchuluka kwa timaselo tina timene achipatala amati stem cells. Fanizo lapafupi ndi mbewu. Magazi oyenda m'thupi ali ngati chimanga cha m'nkhokwe, chimadyedwa n'kutha: maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120 basi. Amene amabala atsopano tsiku ndi tsiku ndi maselo a mbewuwa, ndipo kwawo ndi m'mafuta a m'mafupa. Iwo ndiwo amabala maselo ofiira onyamula mpweya, oyera olimbana ndi matenda, ndi tina toundanitsa magazi pabala.

Mbewu ya magazi ya munthu ikawonongeka, madokotala amapha yotsalayo ndi mankhwala amphamvu, kenaka n'kumuika mbewu ya munthu wina kudzera pa diripi, monga mmene amaikira magazi. Maselo atsopanowo amadzipezera okha njira ya m'mafupa n'kuyamba ntchito. Poyamba mbewuyi inkachokera m'mafupa a munthu wamoyo basi. Mu Okutobala 1988, pa chipatala cha Saint-Louis ku Paris, Dr Eliane Gluckman anaika magazi a mu mchombo mwa mnyamata wa zaka 5 wodwala Fanconi anaemia, nthenda yobadwa nayo imene imafooketsa mafuta a m'mafupa. Magaziwo anali a mlongo wake wakhanda, ndipo anali atasungidwa mu labotale ya Hal Broxmeyer ku Indiana, ku America. Mnyamatayo anapulumuka n'kukula. Chiyambire nthawi imeneyo, odwala opitirira 40,000 padziko lonse alandira magazi a mu mchombo, ambiri a iwo chifukwa cha khansa ya m'magazi, ena chifukwa cha matenda obadwa nawo a maselo ofiira monga sickle cell ndi thalassaemia, komanso matenda obadwa nawo a chitetezo cha m'thupi.

Mu nkhani ya ku Paris ija gwiranipo mfundo imodzi: magazi anali a mlongo wake, osati ake.

Apa ndi pamene zotsatsa zimadumpha. Mwana wobadwa ndi sickle cell vuto lake lili m'mbewu momwemo, ndiye magazi a mu mchombo wake alinso ndi sickle cell yomweyo. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano amadziwa kuti mbewu yodwala siibwezeredwa m'munda. Pa khansa ya m'magazi ya ana pali mavuto awiri. Ofufuza anapeza kuti mwa ana ambiri kusokonekera koyamba kwa maselo kumachitika mwana asanabadwe, choncho thumba losungidwalo likhoza kukhala ndi chiyambi cha nthendayo. Chachiwiri, mbali ina ya machiritso imachokera ku maselo a munthu winayo, amene amaona khansa yotsala ngati mdani n'kuisaka. Maselo a mwini wake saisaka, amaiona ngati m'bale. Ngakhale njira yatsopano yokonza majini (malangizo a chibadwa a m'maselo) a odwala sickle cell, imene inavomerezedwa ku Britain ndi ku America mu 2023, imatenga maselo m'magazi a wodwalayo atakula kale, siifuna thumba la pa tsiku lobadwa.

Mudzamvanso kuti magaziwa amathandiza pa autism, vuto limene limasokoneza kulankhula ndi kucheza ndi anthu, ndi pa kupuwala kwa ubongo kwa ana. Zimenezi zikadali pa kafukufuku. Kafukufuku wamkulu wa ku Duke University ku America pa ana a autism, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, sanaonetse kusintha pa chinthu chenicheni chimene ankayeza. Za shuga, sitiroko ndi kubweza ukalamba, amene akukulonjezani zimenezo akukugulitsani chiyembekezo. Makampani ena amawonjezera mtengo posunganso kachidutswa ka chingwe chenichenicho. Maselo a m'menemo ndi a mtundu wina, sapanga magazi, ndipo palibe chithandizo chokhazikika chimene chimagwiritsa ntchito kachidutswa kosungidwa ka mwana yemweyo.

Mabanki alipo a mitundu iwiri. Banki ya anthu onse imalandira magazi ngati mphatso, mayi salipira kanthu, ndipo thumbalo limapita kwa wodwala aliyense amene lagwirizana naye. Yoyamba yaikulu inayambitsidwa ndi Pablo Rubinstein ku New York Blood Center kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero matumba otere apitirira 800,000 padziko lonse. Banki ya kampani imasungira banja lanu lokha, inu n'kumalipira. Ambiri mwa odwala amene athandizidwa aja analandira kuchokera ku mabanki a anthu onse. Mabungwe a madokotala a ana ndi a amayi oyembekezera ku America salimbikitsa kusungitsa kukampani ngati m'banjamo mulibe wodwala, ndipo ku France mabanki a makampani otere ndi oletsedwa. Kuno ku Tete kulibe banki ya mtundu uliwonse. Makampani apafupi ali m'dera la Johannesburg ndi Pretoria.

Masamu a thumba limodzi

Magazi otengedwa mu mchombo nthawi zambiri amakhala pakati pa mamililita 60 ndi 120. Koma dokotala wodzawagwiritsa ntchito sadzafunsa mamililita, adzafunsa chiwerengero cha maselo poyerekeza ndi kulemera kwa wodwala. Muyezo wotsikitsitsa umene ambiri amatsata ndi maselo mamiliyoni 25 pa kilogalamu iliyonse. Werengani nokha. Thumba labwino la maselo mamiliyoni 1,000 likwanira munthu wa makilogalamu 40. La mamiliyoni 500 likwanira wa makilogalamu 20, ndiye kuti mwana wa zaka 5 kapena 6. Pa matenda ngati sickle cell amafuna ochulukirapo kuposa pamenepo, chifukwa thupi la wodwalayo limakonda kukana mbewu yachilendo. N'chifukwa chake akuluakulu nthawi zina amaikidwa matumba awiri a ana awiri osiyana.

Tanthauzo lake n'lakuti thumba limachepa mphamvu pamene mwana akukula, osati poti maselo akuola, koma poti mwiniwake akulemera. Mabanki a anthu onse amakana matumba ambiri amene alandira chifukwa cha kuchepa kwa maselo. Kampani, poti inu ndinu mukulipira, imasunga ngakhale laling'ono. Choncho mukalandira satifiketi, musangoona chidindo. Onani manambala awiri: TNC, kutanthauza maselo onse, ndi CD34, chizindikiro cha maselo a mbewu enieniwo. Funsaninso ngati nambalayo inawerengedwa magazi asanasefedwe kapena atasefedwa, pakuti ena amatayika posefa, enanso posungunula.

Katengedwe kake

Ntchitoyi siipweteka mayi kapena mwana, chifukwa chingwe chilibe mitsempha yomvera ululu ndipo imachitika mwana atadulidwa kale. Koma imafuna munthu wakewake. Mzamba amene akuyang'anira mayi ali ndi ntchito yobaya jekeseni wa oxytocin wothandiza chiberekero kufinyika, kutulutsa nsengwa ndi kuonetsetsa kuti mayi sakutaya magazi. Usiku ku maternidade ya kumudzi, kumene namwino mmodzi akuthamanga pakati pa amayi atatu, thumba si chinthu choyamba ndipo sichiyenera kukhala choyamba.

Chingwe chikapanidwa pawiri ndi kudulidwa, wotengayo amasankha malo cha kumapeto kwa mbali yotsalira ku nsengwa, n'kupukuta masentimita pafupifupi 10, koyamba kuchotsa magazi a mayi ndi zonyansa, kenaka ndi mankhwala ophera majeremusi, n'kudikira paume. Kudikirako ambiri amakuphonya chifukwa cha changu, pamene mankhwalawo amapha bwino majeremusi akapatsidwa nthawi. Singano ya pathumba imabayidwa mu mtsempha waukulu uja, umene umaoneka bwino poti ndi wotupa. Thumba limaikidwa m'munsi kuti magazi atsike okha, ndipo limagwedezedwa pang'onopang'ono kuti asakanikirane ndi mankhwala oletsa kuundana otchedwa CPD amene amakhala kale m'thumbamo. Pakatha mphindi ziwiri mpaka zisanu mtsempha umaphwa. Paipi imatsekedwa singano isanazulidwe, imamangidwa mfundo, ndipo dzina la mayi, tsiku ndi ola zimalembedwa pomwepo m'chipindamo, osati pambuyo pake ku ofesi. Zonsezi zitha kuchitika nsengwa ikadali m'mimba, kapena itatuluka n'kuikidwa pamwamba kuti chingwe chilendewere.

Zolakwika zake n'zodziwika. Thumba likapanda kugwedezedwa magazi amaundana, ndipo maselo ogwidwa m'chibuluma sabwezeka. Kupukuta mwachangu kumalowetsa majeremusi, makamaka pa kuchira kwa njira yachibadwa kumene chingwe chimakhudza malo ambiri. Kukama chingwe mwamphamvu kapena kufinya nsengwa kuti thumba lidzaze kungalowetse magazi a mayi. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi amapereka ochepa, ndipo pa mapasa pali ngozi yosokoneza matumba.

Mayinso amatengedwa magazi ake m'timabotolo, m'masiku asanu ndi awiri ozungulira tsiku lochira, kuti ayezedwe HIV, chindoko, hepatitis B ndi C, ndi tizilombo tina. Nkhaniyi kuno si yaing'ono. Mabanki ambiri salandira magazi a mwana wa mayi amene ali ndi HIV, ngakhale mayiyo akumwa bwino ma ARV. Amafunsanso za malungo, chifukwa tizilombo ta malungo timakonda kubisala mu nsengwa ngakhale mayi asakumva kutentha thupi. Mayi wa ku Macanga kapena ku Chifunde amene sanadwalepo malungo n'ngosowa. Funsani malamulo a kampaniyo pa zinthu ziwirizi musanalipire kalikonse, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Ulendo wa maola 48

Thumba likangotsekedwa, wotchi yayamba. Malamulo a mabanki ovomerezeka amafuna kuti magazi akhale ataumitsidwa pasanathe maola 48, ndipo osungira banja amaloledwa kufika maola 72, koma ola lililonse maselo ena amafa. Pa ulendo wonse bokosi liyenera kukhala pa kutentha kwa m'nyumba yozizira bwino, madigiri 15 mpaka 25. Osaliika mufiriza, osaliika pa ayezi, pakuti magazi oundana popanda mankhwala otetezera amaphulika maselo. Osalisiya padzuwa.

Tsopano ganizani za Tete mu Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Galimoto yaima pamzere wolowera pa mlatho wa Samora Machel, bokosi lili pampando wakumbuyo, dzuwa likulowa pawindo. M'galimoto yotseka kutentha kumaposa kwa panja. Mabokosi a makampani amatetezako ndithu, koma ali ndi malire ake. Bokosi labwino limakhala ndi kamakina kolemba kutentha kwa ulendo wonse, ndipo muli ndi ufulu wopempha zimene kalemba.

Mwana sasankha tsiku. Tinene kuti wabadwa Lachisanu usiku ku Ulónguè. Kukafika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 230. Kuchokera pa bwalo la ndege la Chingodzi kupita ku Johannesburg ndi maola awiri chabe mlengalenga, koma ndege siidikira thumba lanu, ndipo ikakhala kuti yanyamuka kale mudikira yotsatira. Magazi a munthu sawoloka malire ngati katundu wamba: pamafunika zilolezo za akuluakulu a zaumoyo, zokonzedwa mayi asanachire. Bokosi siliyenera kudutsa m'makina a X-ray a pabwalo la ndege, ndiye pamafunikanso kalata yofotokoza zimenezo. Kudzera ku Calómuè n'kupita ku Lilongwe ndi kufupi kwa anthu a ku Angónia, koma kumawonjezera malire ena ndi mapepala ena. Kampani ikakuuzani kuti “timatenga kulikonse mu Africa”, ifunseni dzina la amene adzanyamule bokosi pa chipatala chanu Lamlungu m'mawa, ndiponso amene ataye ndalama likafika mochedwa.

Ku labotale magazi amayezedwa, amazunguzidwa pa makina kuti achotse madzi ake ndi maselo ofiira ambiri, n'kutsala mamililita pafupifupi 25. Amathiramo mankhwala otchedwa DMSO wokwana magawo 10 pa 100, amene amateteza maselo kuti asabooledwe ndi timiyala ta ayezi. Kuziziritsa kumachitika pang'onopang'ono, pafupifupi digiri imodzi pa mphindi, kenaka thumba limalowa m'thanki ya nayitrojeni. Nayitrojeni wamadzi amakhala pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, ndipo thumba siliyenera kufunda kupitirira madigiri 150 kunsi kwa ziro. Pambali pake amasiya tizidutswa ta paipi tokhala ndi magazi omwewo, kuti tsiku lina adzathe kuyeza popanda kusungunula thumba lonse. Kampani yosasiya tizidutswati ikusungirani chinthu chosatheka kuchiyeza.

Akasungidwa bwino, maselo amakhalitsa. Broxmeyer yemwe uja anasungunula matumba a zaka zopitirira 20 n'kupeza maselo akugwirabe ntchito. Nkhawa ili pa osungawo. Mu 2019 kampani ina yaikulu ya ku Switzerland inagwa, matumba ake anasamutsidwira ku Poland, ndipo makolo ambiri anakhala miyezi osadziwa kumene magazi a ana awo ali. Mu 2023 unduna wa zaumoyo ku Singapore unapeza kuti pa kampani ina mathanki 7 mwa 22 anali atafundapo kupitirira muyezo, ndipo matumba pafupifupi 2,200 a m'thanki imodzi anawonongeka. Amenewo ndi mayiko a magetsi osazima ndi oyendera okhwima. Malipiro amakhala awiri, lalikulu la poyamba ndi la kusunga chaka ndi chaka, ndipo kwa ife amakhala mu ndalama yakunja pamene malipiro athu ali mu metikali. Werengani zimene pangano likunena mukalephera kulipira chaka chimodzi, komanso kampani ikatsekedwa. Onaninso ngati ili ndi chivomerezo cha AABB kapena FACT, mabungwe amene amayendera mabanki otere.

Ndipo thumba palokha si chithandizo. Kuikidwa mbewu kumafuna chipinda chapadera chosalowa majeremusi, magazi oika pafupipafupi, mankhwala okwera mtengo ndi miyezi yokhala pafupi ndi chipatala. Ndi magazi a mu mchombo, maselo oyera amatenga milungu itatu kapena inayi kuti abwerere, nthawi yaitali kuposa ndi njira zina, ndipo m'masiku amenewo kachilombo kakang'ono kakhoza kupha. Ubwino wake ndi wakuti mbewu ya khanda siilimbana kwambiri ndi thupi la wolandira, ndipo imalola kusafanana pang'ono. Ntchito yotereyi imachitika ku Cape Town, Johannesburg ndi Pretoria, ndipo ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba mu 2023 kuika ana a sickle cell mafuta a m'mafupa a abale awo. Ku South Africa mtengo wake ukasinthidwa umafika mamiliyoni a metikali. Banja limene lakwanitsa kusungitsa thumba koma silingakwanitse ulendo umenewu lagula khasu lopanda munda.

Mphindi zitatu zija

Tibwerere ku chingwe chogunda chija. Magazi onse a khanda la makilogalamu atatu sadzaza bwino botolo laling'ono la Fanta. Chingwe chikasiyidwa osapanidwa, mamililita pafupifupi 80 amalowa mwa mwana m'mphindi yoyamba, ndipo pofika mphindi yachitatu amafika cha m'ma 100. Kwa munthu wamng'ono choncho, amenewo ndi magazi ambiri zedi. Amabwera ndi ayironi amene mwana amasunga n'kumagwiritsa ntchito mpaka miyezi isanu ndi umodzi, nthawi imene akudalira bere, ndipo mkaka wa m'mawere, ngakhale uli wabwino chotani, ayironi uli naye wochepa. Mbewu ya magazi ija imalowanso mwa mwini wake. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati chingwe chisapanidwe isanathe mphindi imodzi, makamaka chipanidwe pakati pa mphindi imodzi ndi zitatu, kaya mayi wachira bwinobwino kapena pa opaleshoni, kaya ali ndi HIV kapena ayi. Chimadulidwa msanga pokhapokha ngati mwana sakupuma ndipo ayenera kuthamangitsidwa kukathandizidwa.

Magazi ndi omwewo, sangapite kuwiri. Mukadikira mphindi zitatu, thumba limatuluka lopepuka, nthawi zambiri losakwana muyezo uja. Mukapana m'masekondi oyambirira, thumba limalemera koma mwana wamanidwa. Ku Mozambique, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wakhala akupeza kuti ana oposa 6 mwa 10 osakwana zaka zisanu ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Malungo amaphwanya maselo ofiira, phala la ufa woyera silibwezera ayironi, ndipo kuchepa kwa ayironi pa msinkhu umenewu kumakhudza kakulidwe ka ubongo. Mukaika pa sikelo nthenda imene mwana wa kuno angakumane nayo chaka chake choyamba ndi nthenda imene mwina sadzadwala moyo wake wonse, ine sindiona povuta kusankha. Choipa chimodzi chodziwika cha kudikira ndi chakuti chikasu chimachulukirapo pang'ono, ndiye m'masiku oyambirira muonetsetse maso ndi khungu la mwana pa kuwala kwa dzuwa, ndipo akachita chikasu kwambiri kapena akamakana bere mubwerere naye kuchipatala.

Banja loyenera kuganizira zosungitsa

Lilipo. Ndi banja limene lili kale ndi mwana wodwala nthenda yochizika ndi mbewu ya magazi, monga sickle cell yovuta, thalassaemia, khansa ya m'magazi kapena kufooka kwa mafuta a m'mafupa, ndipo mayi ali ndi pakati pa bambo yemweyo. Pamenepa thumba lili ndi mwini wake wodziwika, kulemera kwake n'kodziwika, ndipo dokotala wa magazi akhoza kunena ngati n'koyenera. Apa pokha ndi pamene kupana chingwe mofulumirirapo kungakambidwe.

Komabe mwayi wake muudziwe. Kugwirizana kumayezedwa ndi zizindikiro za pa maselo zotchedwa HLA, zimene mwana amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo. Si gulu la magazi la A, B kapena O ayi, anthu ambiri amasokoneza pamenepa. Ana awiri a mayi ndi bambo mmodzi amafanana kotheratu kamodzi pa kanayi. Pa sickle cell, makolo onse akakhala onyamula nthendayi, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa inayi wobala mwana wodwalanso. Mukaphatikiza ziwirizo, mwayi woti khanda likhale losadwala komanso lofanana ndi mkulu wake ndi 3 pa 16, kuchepera pang'ono pa mwana mmodzi mwa asanu. Khanda longonyamula nthendayi koma losadwala likhoza kupereka.

Chimene chimachepetsa phuma ndi ichi: m'bale wofananayo akakhala moyo, mbewu ali nayo m'mafupa mwake. Akakulako madokotala atha kutenga mafuta a m'fupa la m'chiuno atamugoneka, ndipo mafutawo amabwerera m'milungu yochepa. Nthawi zina ngakhale thumba lilipo amawonjezerabe mafuta a m'mafupa a mwana yemweyo poti maselo achepa. Choncho thumba likalephereka chifukwa cha ndege kapena kutentha, khomo silinatsekeke. Ndipo musanalipire za mwana wosabadwa, yezetsani HLA ya ana amene alipo kale, mwina wofanana ali m'nyumba momwemo. Masiku ano madokotala amathanso kugwiritsa ntchito kholo kapena m'bale wofanana theka lokha, pogwiritsa ntchito mankhwala a cyclophosphamide pambuyo pa kuika mbewu, njira imene inakhazikitsidwa ku Johns Hopkins ndipo yachepetsa kufunika kwa magazi a mu mchombo m'mayiko ambiri.

Pali mfundo imodzi ya otsatsa imene ili yoona ndipo siyenera kunyozedwa. M'kaundula wa padziko lonse wa anthu odzipereka kupereka mbewu ya magazi, amene apitirira mamiliyoni 40, anthu akuda a kuno ndi ochepa kwambiri, pamene zizindikiro za HLA za anthu a mu Africa ndi zosiyanasiyana kuposa za kwina kulikonse. Mchewa wa ku Furancungo akafuna wofanana naye kunja kwa banja lake, kumupeza n'kovuta. Koma mankhwala a vuto limenelo ndi banki ya anthu onse ndi kaundula wa m'chigawo chino cha Africa, monga South African Bone Marrow Registry imene inayamba mu 1991, osati thumba limodzi lotsekeredwa banja limodzi.

Kwa mwana wa sickle cell amene ali m'manja lero, ndalama zimagwira ntchito yooneka zikapita ku neti yonyikidwa m'mankhwala, katemera yense, penicillin wa tsiku ndi tsiku ali wamng'ono, ndi mankhwala a hydroxyurea. Kafukufuku wa REACH, wochitikira ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda ndipo wofalitsidwa mu 2019, anaonetsa kuti hydroxyurea imachepetsa kuphwanya kwa mafupa, kuikidwa magazi, imfa, ngakhalenso malungo mwa ana amenewa.

Amene mwatsimikiza zosungitsa, yambani mimba isanakwane miyezi isanu ndi iwiri. Bokosi lifike msanga ndipo muone tsiku lothera ntchito la thumba. Chipatala chivomere mwa kalata, ndipo adziwike munthu wodzatenga magaziwo amene si mzamba wogwira mayi. Njira yosavuta kwenikweni, kwa amene angathe, ndi kukachirira kufupi ndi labotale. Amene simusungitsa, nkhani ya chingwe ikambeni kusikelo mimba ikadali, ndipo amayi kapena apongozi odzakudikirirani adziwe chonena mwaulemu pa tsikulo: “Anamwino, ngati mwana akupuma bwino, chonde dikirani pang'ono musanapane.”

Kachitsa kotsala pamimba pa mwana kamangofuna ukhondo. Kazikhala kouma, thewera lipindidwe m'munsi mwake, ndipo pasapakidwe phulusa, mwaye, ndowe kapena mafuta, chifukwa ndi mmene kafumbata ndi majeremusi ena amalowera. Ngati achipatala akupatsani mankhwala ophera majeremusi a chlorhexidine, pakani amenewo okha monga akuuzirani, ndipo asayandikire m'maso. Pakatupa, pakafiira mozungulira, pakatuluka mafinya kapena fungo, musadikire kuti mwana atuluke m'chikuta, pitani naye tsiku lomwelo. Kachitsako kamagwa kokha, nthawi zambiri pakati pa tsiku lachisanu ndi la 15. Ena amafunsa ngati kameneko kangatumizidwe kubanki. Ayi, maselo a m'menemo anafa kale pamene kankauma, ndiye agogo akakatenga kukasamala monga mwa mwambo wa pakhomo, achipatala alibe nako ntchito.